Chinsinsi cha Pulezidenti Chimalekeza Pati?

M'nkhani zathu zofotokoza m'mene maiko amadzilamulira, lero tafika pa funso limene lakhala likuvutitsa akatswiri a malamulo a ku United States of America kwa zaka zoposa 200. Funsolo ndi ili: Pulezidenti akakhala pansi ndi alangizi ake kupangana za dziko, kodi aphungu a Nyumba ya Malamulo ali nayo mphamvu yomuuza kuti awaonetse zimene zidakambidwa? Nanga iye akakana, angamukakamize ndani?

Funsoli silachilendo kwa munthu amene adakhalako pa bwalo la milandu kumudzi. Mfumu ikamva mbali zonse ziwiri, kawirikawiri imatengana ndi nduna zake kupita kuseri kukapangana, ndipo palibe amene amadandaula, pakuti aliyense amadziwa kuti nduna siingadzudzule mfumu pamaso pa anthu. Koma tiyerekeze kuti mbuzi yabedwa m'mudzimo, ndipo kwamveka kuti kuseri komweko ndi kumene kudapanganidwa zoteteza wakubayo. Kodi chinsinsi chija chiyenera kulemekezedwabe? Umenewu ndiwo mlandu umene udachotsa Pulezidenti Richard Nixon pa mpando m'chaka cha 1974.

Mafuwa atatu

Malamulo aakulu a dziko la America adalembedwa mu mzinda wa Philadelphia m'chaka cha 1787. Amene adawalemba adali atangochoka kumene pansi pa ulamuliro wa mfumu ya ku Britain, ndipo sadafune kuti mphamvu zonse zikhalenso m'manja mwa munthu mmodzi. Motero adagawa boma patatu, ngati mafuwa a pamoto. Fuwa loyamba ndi Nyumba ya Malamulo yotchedwa Congress, imene ili ndi zigawo ziwiri: Senate, m'mene lero muli aphungu 100, ndi House of Representatives, m'mene muli aphungu 435. Lachiwiri ndi Pulezidenti pamodzi ndi maunduna ake. Lachitatu ndi mabwalo a milandu, amene mutu wake ndi Bwalo Lalikulu la Supreme Court.

Owerenga azindikire kuti ku America Pulezidenti sakhala m'Nyumba ya Malamulo, ndipo nduna zake sizingakhale aphungu. Ku Britain Nduna Yaikulu imaimirira pamaso pa aphungu n'kumayankha mafunso awo. Ku America zotere kulibe. Aphungu akafuna kudziwa m'mene ndalama za msonkho zayendera, kapena ngati lamulo limene adapanga likutsatidwa, amakhazikitsa komiti. Komitiyo imaitana mboni ndi kuitanitsa makalata, ndipo wina akavuta imamutumizira chisamani.

Chodabwitsa n'chakuti malamulo a 1787 satchula mphamvu ya aphungu yofufuza, komanso satchula ufulu wa Pulezidenti wosunga chinsinsi, umene eni ake amautcha executive privilege. Zonse ziwirizi zidangomera chifukwa ntchito idazifuna. Bwalo Lalikulu lidatsimikiza m'chaka cha 1927, pa mlandu wa McGrain ndi Daugherty, kuti aphungu sangapange malamulo anzeru popanda kudziwa zoona zake za zinthu, choncho mphamvu yofufuza ndi yawo ndithu. Nawo a mbali ya Pulezidenti ali ndi mfundo yomveka. Mlangizi amene akudziwa kuti mawu ake adzawerengedwa m'nyuzipepala mawa salankhula zakukhosi. Amangonena zokometsera mbiri yake. Mtsogoleri wopanda womuuza zoona amasokeretsa dziko. Mbali zonse ziwiri zili ndi chilungamo chake, ndipo n'chifukwa chake mkanganowu ndi wovuta.

Chiyambi chake

Mkangano woyamba udabuka m'nthawi ya Pulezidenti woyamba, a George Washington. Pa 4 Novembala 1791, asilikali a boma otsogoleredwa ndi a Arthur St. Clair adagonjetsedwa koopsa ndi mitundu ya eni nthaka pafupi ndi mtsinje wa Wabash, ndipo oposa 600 adafera pomwepo. M'chaka cha 1792 aphungu a House of Representatives adakhazikitsa komiti yofufuza chimene chidachititsa tsokalo, ndipo adaitanitsa makalata a boma. A Washington adasonkhanitsa nduna zawo, kuphatikizapo a Thomas Jefferson ndi a Alexander Hamilton. Adagwirizana kuti aphungu ali ndi ufulu wofunsa, ndi kuti Pulezidenti azipereka makalata onse kupatula okhawo amene kuwaulula kungapweteke anthu a dziko. Ataunika makalata a nkhondoyo sadapezemo choyenera kubisa, ndipo adawapereka.

Taonani muyeso umene adauika. Chofunsidwa chidali chakuti kodi dziko lipwetekeka. Manyazi a Pulezidenti sadalowemo m'kawerengedwe kameneka.

M'chaka cha 1796 a Washington omwewo adakana. Aphungu a House adafuna makalata okhudza pangano limene a John Jay adakapanga ndi Britain. A Washington adayankha kuti malamulo adapereka ntchito yovomereza mapangano otere kwa Senate yokha, ndipo Senate idali itawaona kale makalatawo. Komabe adasiya khomo limodzi lotsegula: adasonyeza kuti zikadakhala zosiyana aphunguwo akadakhala kuti akuzenga mlandu wochotsa munthu pa udindo. Khomo limeneli tidzalipezanso kutsogoloku.

Dzina lakuti executive privilege lidayamba kumveka kwambiri m'zaka za m'ma 1950. Nthawi imeneyo phungu wa Senate, a Joseph McCarthy, ankanamizira anthu ambiri kuti ndi achikomyunizimu, mpaka adayambana ndi akuluakulu a asilikali. Pa 17 Meyi 1954 Pulezidenti Dwight Eisenhower adalemba kalata yoletsa ogwira ntchito ku unduna wa zachitetezo kuulula kwa aphungu zimene akuluakulu a boma adalangizana. Anthu ambiri adaombera m'manja popeza adali atatopa ndi a McCarthy. Koma kalatayo idakulitsa chinsinsi kuposa kale, pakuti tsopano chidaphimba ngakhale zokambirana za antchito a m'maunduna. Wachiwiri kwa a Eisenhower, amene ankaona zonsezi ali pafupi, adali a Richard Nixon.

Akuba asanu

Usiku wa pa 17 Juni 1972 mlonda wa pa nyumba zotchedwa Watergate mu mzinda wa Washington, a Frank Wills, adaona kuti maloko a zitseko zina amatidwa kuti asatseke. Adaitana apolisi, ndipo amuna asanu adagwidwa m'maofesi a likulu la chipani cha Democratic ali ndi zipangizo zomvetsera anthu mobisa. Mmodzi wa iwo, a James McCord, adali mkulu wa zachitetezo m'komiti yokopera anthu kuti asankhenso a Nixon, amene adali a chipani cha Republican. A ku White House, nyumba ya Pulezidenti, adakana kuti sakudziwapo kanthu. Mu Novembala chaka chomwecho a Nixon adapambana chisankho m'zigawo 49 mwa zigawo 50 za dzikolo, ndipo ambiri adayesa kuti nkhani yatha.

Koma mlandu suola. Atolankhani awiri a nyuzipepala ya Washington Post, a Bob Woodward ndi a Carl Bernstein, adapitiriza kulondola kumene ndalama za akubawo zidachokera. Woweruza mlandu wa akubawo, a John Sirica, sadakhutire kuti zoona zonse zanenedwa. Mu Malichi 1973 a McCord adalembera woweruzayo kalata yoti mboni zina zidanama pa bwalo, ndi kuti ogwidwawo adaumirizidwa kukhala chete. Khoswe wa padenga adayamba kuulula wa padzala.

Senate nayo idali itadzuka. Pa 7 Febuluwale 1973 idavomereza ndi mavoti 77, popanda wotsutsa ndi mmodzi yemwe, kukhazikitsa komiti yofufuza. Wapampando adali a Sam Ervin a ku North Carolina, ndipo wachiwiri wawo adali a Howard Baker, a chipani cha a Nixon omwe. Poyamba a Nixon adalengeza kuti alangizi awo sadzaonekera pamaso pa komitiyo. A Ervin adayankha kuti alangizi a Pulezidenti si mafumu, ndipo wokana kubwera angathe kumangidwa. A Nixon adafewa. Kumva umboni kudayamba pa 17 Meyi 1973, ndipo anthu miyandamiyanda ankaonera pa wayilesi ya kanema.

Kumapeto kwa Juni kudabwera a John Dean, amene adali loya wa ku White House mpaka pamene adachotsedwa ntchito pa 30 Epulo. Iwo adanena molumbira kuti Pulezidenti adatengako mbali pa kubisa mlanduwo, ndi kuti zopereka ndalama kwa akuba aja kuti asatsegule pakamwa zidakambidwa mu ofesi ya Pulezidenti momwe. A Baker adafunsa funso limene lidatchuka, lofuna kudziwa chimene Pulezidenti ankadziwa ndi nthawi imene adachidziwira. Koma umboni udali wa munthu mmodzi, wochotsedwa ntchito, wotsutsana ndi mtsogoleri wa dziko. Akadakhulupiriridwa ndani?

Makoma adali ndi makutu

Yankho lidachokera kosayembekezeka. Pa 16 Julayi 1973, a Alexander Butterfield, amene adagwirapo ntchito ku White House, adauza komiti kuti kuyambira m'chaka cha 1971 mu ofesi ya Pulezidenti mudali makina obisika ojambula mawu. A Nixon adawaikitsa okha pofuna kusunga mbiri ya ulamuliro wawo. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Tsopano panalibenso chifukwa cholimbana kuti wonama ndani. Chofunika chidali kumvera matepi basi.

Patangopita mlungu umodzi, zisamani zidafika ku White House kuchokera mbali ziwiri. China chidali cha komiti ya a Ervin. China chidali cha a Archibald Cox, mphunzitsi wa malamulo wa pa yunivesite ya Harvard, amene adasankhidwa kukhala loya wapadera wa boma wozenga milandu ya Watergate. Owerenga asunge bwino kusiyana kwa zisamani ziwirizi, pakuti mathero ake sadafanane: china chidali cha aphungu, china cha bwalo la milandu.

A Nixon adakana zonse. Adati zokambidwa mu ofesi ya Pulezidenti ndi chinsinsi, ndipo woyenera kugamula ngati chinsinsicho chiululidwe ndi Pulezidenti yekha. Adatinso akagonja, ndiye kuti afooketsa mpandowo kwa onse odzabwera pambuyo pawo. A Sirica adalamula kuti matepi asanu ndi anayi amene a Cox adafuna aperekedwe kwa woweruza, ndipo bwalo la apilo lidavomereza chigamulocho pa 12 Okotobala 1973. Pamenepo a Nixon adabwera ndi nzeru ina: adati apereka chidule cha zokambidwazo cholembedwa pa pepala, ndipo phungu wokalamba wa Senate, a John Stennis, amene ankavutika kumva, ndiye adzamvere matepi n'kutsimikiza kuti chidulecho n'choona. A Cox adakana.

Loweruka pa 20 Okotobala 1973 a Nixon adalamula mkulu wa unduna wa zachilungamo, a Elliot Richardson, kuti achotse ntchito a Cox. A Richardson adakana n'kutula pansi udindo. Wachiwiri wawo, a William Ruckelshaus, adakananso n'kuchoka. Wachitatu, a Robert Bork, ndiwo adachita zimene adalamulidwa. Dziko lonse lidakwiya. Matelegalamu adasefukira ku Congress, ndipo aphungu adayamba kulankhula poyera zochotsa Pulezidenti. Pasadathe masiku anayi a Nixon adavomera kupereka matepiwo. Koma kenaka kudanenedwa kuti awiri mwa iwo kulibe, ndipo pa tepi ya pa 20 Juni 1972, masiku atatu chigwidwire akuba aja, padapezeka kuti mphindi 18 ndi theka zafufutidwa. Mlembi wa a Nixon, mayi Rose Mary Woods, adati mwina adafufuta mbali ina mwangozi, koma akatswiri amene adaunika tepiyo adapeza kuti idafufutidwa kangapo.

Pa Bwalo Lalikulu

M'malo mwa a Cox mudalowa a Leon Jaworski, loya wa ku Texas, ndipo sadakhale wofewa monga ena ankayembekezera. Pa 1 Malichi 1974 anthu asanu ndi awiri amene adali pafupi ndi Pulezidenti adatsegulidwa mlandu wobisa zoona, kuphatikizapo a H. R. Haldeman, a John Ehrlichman ndi a John Mitchell. Mu Epulo a Jaworski adaitanitsa matepi ndi zolembedwa za zokambirana 64 kuti zikhale umboni pa mlanduwo. A Nixon adatulutsa masamba oposa 1,200 a mawu otayipidwa amene adawasankha okha, koma matepi enieniwo adawakaniza. Nkhani idapita ku Bwalo Lalikulu.

Oweruza adamva mbali zonse pa 8 Julayi 1974, ndipo adagamula pa 24 Julayi. Mmodzi wa iwo, a William Rehnquist, adadzipatula chifukwa adagwirapo ntchito mu unduna wa zachilungamo pansi pa a Mitchell. Asanu ndi atatu otsalawo adalankhula ndi liwu limodzi. Atatu mwa iwo adaikidwa pa udindowo ndi a Nixon, ndipo mmodzi wa atatuwo, Woweruza Wamkulu a Warren Burger, ndiye adalemba chigamulo.

Chigamulochi chiyenera kuwerengedwa mofatsa, pakuti ambiri amachikumbukira mbali imodzi yokha. Choyamba, bwalo lidati ntchito yonena chimene lamulo likutanthauza ndi ya mabwalo. Pulezidenti sangakhale woweruza wotsiriza wa malire a mphamvu zake. Chachiwiri, lidavomereza kwa nthawi yoyamba kuti ufulu wa Pulezidenti wosunga chinsinsi ulipodi, ndipo mizu yake ili m'malamulo aakulu a dziko. Apa a Nixon adapindulira mpando wawo chinthu chimene sichidalembedwepo kale momveka chotero. Chachitatu, lidati ufuluwo uli ndi malire. A Nixon sadanene kuti m'matepimo mudali zinsinsi za nkhondo, za ukazembe kapena za chitetezo cha dziko. Adangoti zokambirana za Pulezidenti zonse ndi zobisika. Chifukwa chachisawawa choterechi, bwalo lidatero, sichingapose kufunika kwa umboni wodziwika pa mlandu waupandu umene uli pa bwalo, pakuti chilungamo sichingachitike ngati umboni ukubisidwa. Lidalamula kuti matepi apite kwa a Sirica, awamvere paokha, atulutse zokhudza mlandu zokha, ndipo zotsalazo azisunge mwachinsinsi.

Nanga aphungu adapezapo chiyani?

Pano pali mfundo imene ophunzira ambiri amaiphonya. Amene adapambana pa Bwalo Lalikulu adali loya wozenga mlandu waupandu. Oweruzawo adalemba momveka kuti chigamulo chawo sichikukhudza mkangano wa pakati pa Pulezidenti ndi aphungu ofuna kudziwa zinthu. Ndipotu komiti ya a Ervin, imene idavumbula za matepiwo, idali italephera kale. Mu Meyi 1974 bwalo la apilo la ku Washington lidakana kukakamiza a Nixon kupereka matepi asanu amene komitiyo idafuna. Lidati komitiyo siidasonyeze kuti singathe kugwira ntchito yake yokonza malamulo popanda matepiwo, makamaka popeza komiti ina ya House of Representatives idali nawo kale.

Tsono mphamvu ya aphungu idaonekera pena. Malamulo a 1787 amapatsa House mphamvu yoimba Pulezidenti mlandu, ndipo Senate ndiyo imaweruza; magawo awiri mwa atatu a Senate akamupeza wolakwa, amachoka pa mpando. Pa 6 Febuluwale 1974 House idalola komiti yake ya zamalamulo, ya aphungu 38 motsogozedwa ndi a Peter Rodino, kuyamba kufufuza. Ovomereza adali 410, okana 4. Komitiyi nayo idatumiza zisamani, ndipo a Nixon adazinyalanyaza kapena kuziyankha mwatheka. Koma a Rodino ndi anzawo sadapite ku bwalo kukapempha thandizo. Adaima pa khomo lija adalisiya lotsegula a Washington m'chaka cha 1796: pamene Pulezidenti akufufuzidwa kuti achotsedwe, iye sangasankhe umboni umene omufufuza ayenera kuona.

Pa 27 Julayi komitiyo idavomereza mlandu woyamba, wotsekereza chilungamo, ndi mavoti 27 kwa 11. Pa 29 Julayi idavomereza wachiwiri, wogwiritsa ntchito mphamvu molakwika, ndi mavoti 28 kwa 10. Pa 30 Julayi idavomereza wachitatu ndi mavoti 21 kwa 17, ndipo mlandu wachitatuwu udali kukana komweko kumvera zisamani za aphungu. Chinsinsi chimene a Nixon adabisalamo chidasanduka mlandu pachokha. Koma onaninso kuchepa kwa kusiyana kwa mavoti pa mlandu wachitatuwu: ngakhale pamene zinthu zidafika poipa chotero, aphungu ambiri adakayikabe ngati kukaniza makalata kuli kokwanira kuchotsera mtsogoleri.

Pa 5 Ogasiti a Nixon adatulutsa zimene zidali pa tepi ya pa 23 Juni 1972. M'menemo adamveka akuvomereza kuti akuluakulu a bungwe la akazitape la CIA auze apolisi a FBI kuti aleke kulondola nkhaniyo, ponamizira chitetezo cha dziko. Apa padali patangopita masiku asanu ndi limodzi chigwidwire akuba, kutanthauza kuti kwa zaka ziwiri Pulezidenti adakhala akunamiza dziko, aphungu a chipani chake, ngakhalenso maloya ake. Aphungu khumi a Republican amene adawateteza m'komiti muja adalengeza kuti tsopano avomereza mlandu. Pa 7 Ogasiti akuluakulu atatu a chipanicho, a Barry Goldwater, a Hugh Scott ndi a John Rhodes, adapita ku White House kukawauza kuti otsala kumbali yawo mu Senate ndi ochepa zedi. Usiku wa pa 8 Ogasiti a Nixon adalankhula ku mtundu wonse, ndipo pa 9 Ogasiti 1974 adatula pansi udindo. Wowalowa m'malo, a Gerald Ford, adawakhululukira milandu yonse pa 8 Sepitembala, koma a Haldeman, a Ehrlichman ndi a Mitchell adapezeka olakwa ndipo adakalowa m'ndende.

Mkangano sudathe

Congress idachitapo kanthu kuti zotere zisabwerezedwe. Kumapeto kwa 1974 idapanga lamulo loika matepi ndi makalata a a Nixon m'manja mwa boma kuti asawonongedwe, ndipo Bwalo Lalikulu lidavomereza lamulolo m'chaka cha 1977. M'chaka cha 1978 idapanganso lamulo lakuti makalata a ntchito a Pulezidenti ndi chuma cha dziko, osati katundu wa munthu woti achoke naye.

Komabe funso lenileni, la malire a pakati pa Pulezidenti ndi aphungu, Bwalo Lalikulu silidalidule kotheratu, ndipo atsogoleri a zipani zonse ziwiri akhala akubisala m'mpata umenewu. M'chaka cha 2007 a George W. Bush adaletsa loya wawo wakale, mayi Harriet Miers, kukaonekera ku komiti imene inkafufuza za kuchotsedwa ntchito kwa maloya a boma. Woweruza adagamula m'chaka cha 2008 kuti mlangizi wa Pulezidenti sangakane kubwera kumene, koma mayiwo adadzapereka umboni m'chaka cha 2009, a Bush atachoka kale. M'chaka cha 2012 a Barack Obama adakaniza makalata okhudza ntchito ina yolondola mfuti zozembetsedwa kupita ku Mexico. House idapeza mkulu wa unduna wa zachilungamo, a Eric Holder, wolakwa pa kunyoza Nyumba ya Malamulo, koma woyenera kuzenga mlandu wotere ndi unduna womwewo, ndipo sudawazenge. M'nthawi ya a Donald Trump, loya wakale wa ku White House, a Don McGahn, adalandira chisamani mu Epulo 2019 koma adakapereka umboni mu Juni 2021.

Apa chida chachikulu cha Pulezidenti chaoneka kuti ndi nthawi. Aphungu a House amasankhidwa zaka ziwiri zilizonse, ndipo chisamani chimatha mphamvu Nyumba imene idachitulutsa ikatha. Mlandu ukamakwera mabwalo pang'onopang'ono, wokaniza amakhala atapeza kale chimene ankafuna, ngakhale adzagonje pomaliza. N'chifukwa chake mikangano yambiri yotere imathera pa kumvana: makalata ena amaperekedwa, ena amaonedwa m'chipinda chotseka, mboni imabwera koma mafunso ena osayankha.

Nthawi zina aphungu amapambana. Mu Januwale 2022 Bwalo Lalikulu lidakana pempho la a Trump, amene panthawiyo adali kunja kwa boma, loletsa kuti makalata awo aperekedwe ku komiti yofufuza za chipolowe cha pa 6 Januwale 2021 ku nyumba ya Congress. Pulezidenti wa nthawiyo, a Joe Biden, adali atakana kuwaphimba ndi chinsinsi. Anthu awiri amene adakhalapo alangizi a a Trump, a Steve Bannon ndi a Peter Navarro, adakhala m'ndende miyezi inayi aliyense m'chaka cha 2024 chifukwa chonyalanyaza zisamani za komitiyo. Koma pa 1 Julayi chaka chomwecho Bwalo Lalikulu, ndi mavoti 6 kwa 3, lidagamula kuti Pulezidenti wakale ali ndi chitetezo chachikulu ku milandu yaupandu pa zimene adachita monga mbali ya ntchito yake. Imeneyi ndi nkhani ina yosiyana ndi ya chinsinsi, koma ikusonyeza kuti malire a mphamvu za mpandowo akadali kusuntha.

Chimene tingatolepo

Aphunzitsi amene adzakambirane nkhaniyi ndi ophunzira awo aonetsetse kuti mbali zonse zamveka. Chinsinsi cha m'chipinda cha alangizi n'chofunika, ndipo aphungu nawonso nthawi zina amafunsa ndi mtima wofuna kunyazitsa, monga adachitira a McCarthy. Koma chinsinsicho chidaperekedwa kwa mpando kuti anthu atumikiridwe bwino, ndipo chikayamba kuteteza wokhala pa mpandoyo ku zolakwa zake, chataya chifukwa chimene chidakhalirapo. Wonena kuti malire afika sangakhale mwini chinsinsi yemweyo.

Ndipo malamulo olembedwa pa pepala sadadziyendetse okha m'chaka cha 1974. Padafunika a Richardson okana lamulo loipa ngakhale ntchito iwathere, oweruza atatu ogamula motsutsa munthu amene adawakweza, ndi aphungu a Republican ovomera kuti mtsogoleri wa chipani chawo walakwa. Komiti ya a Ervin idagonja pa bwalo, koma ndi funso lofunsidwa m'komiti momwemo limene lidavumbula matepi. Akadapanda kufunsa, a Jaworski sakadakhala ndi choitanitsa, ndipo Bwalo Lalikulu silikadakhala ndi chogamula.

M'nkhani yotsatira tidzawolokera ku London kukaona m'mene aphungu a ku Britain amafunsira Nduna Yaikulu maso ndi maso, ndi zimene nduna za kumeneko zimaloledwa kubisa.